Kusamutsa gemu ya bawo kuchoka pa kompyuta kupita pa foni: zolemba za ntchito

Sabata 1, Lolemba

Ndayamba kope latsopano chifukwa ntchito yasintha. Kwa chaka ndi miyezi ingapo ndakhala ndikupanga gemu ya bawo madzulo ndikaweruka, ndipo pa kompyuta ikuyenda bwino. Ili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, njere 64, komanso kompyuta yoti usewere nayo ukasowa mnzako. Ndinaipanga ndi Godot 4, injini (pulogalamu yopangira magemu) yaulere imene anaiyamba Juan Linietsky ndi Ariel Manzur ku Argentina n'kuitsegulira aliyense mu 2014. Anzanga a kuntchito amaisewera pa nthawi ya nkhomaliro.

Loweruka ndinanyamula laputopu kupita nayo ku Liwonde kuti amalume aione, popeza ndi iwo anandiphunzitsa bawo ndili mwana. Tinakhala pakhonde, anasewera kawiri, kamodzi anapambana, kamodzi anagonja. Kenako anati, "Zili bwino mwanawe. Koma ukatseka chimakina chakochi n'kukwera basi, ife titsala ndi chiyani?" Anatulutsa foni m'thumba la malaya n'kuiika pampando. "Ilowetse umu."

Ntchito ndi imeneyo. Anthu opanga magemu amaitcha port: kutenga gemu yopangidwira makina ena n'kuikonza kuti iyende pa makina amtundu wina. Ndiyamba ndi Android, kenako browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti), za iPhone ndiona kutsogolo. Ubwino wake suchita kufunsa. Anthu odziwa bawo ali pansi pa mitengo ya mango, m'misika ndi m'madepoti, ndipo chimene ali nacho m'thumba ndi foni, osati laputopu. Ndadzipatsa masabata anayi.

Sabata 1, Lachinayi

Masiku atatu apita pongosonkhanitsa zida. Kuti Godot itulutse fayilo ya Android pamafunika mapulogalamu othandizira otchedwa JDK, Android SDK ndi ma export template, ndipo zonsezi n'zolemera. Ndazitsitsa pang'onopang'ono ndi bandulo ya usiku. Dzulo magetsi anazima ndili pakati, ndinachita kuyambiranso.

Lero APK yoyamba, fayilo yoikira gemu pa foni ya Android, yatuluka. Ndaiika pa foni yakale ya RAM ya 2GB imene ndagula dala kwa mnzanga, yamphamvu zofanana ndi ya amalume. Ndikayesera pa foni yanga yabwinoyi ndidzinamiza. Gemu yatseguka, nyimbo yalira, koma sikirini bii. Patapita kanthawi yadzitseka yokha.

Chifukwa chake ndachipeza madzulo. Godot 4 ili ndi njira zitatu zojambulira zithunzi: Forward+, Mobile ndi Compatibility. Pa Android ziwiri zoyambazo zimadutsa mu Vulkan, njira yatsopano yolamulira foni kujambula zithunzi, pamene yachitatu imagwiritsa ntchito OpenGL ES 3.0, imene mafoni akale ambiri amaimva. Ndasinthira ku Compatibility, thabwa laonekera. Koma si thabwa lija ndinalizolowera. Kuwala kofewa kumene kunkagwa m'maenje, kochititsa kuti mtengo uoneke ngati wosemedwa ndi kasemasema n'kusalala ndi manja a anthu, kwachoka. Ndinatha masabata awiri chaka chatha ndikukonza kuwala kumeneko, ndiye zandipweteka.

Ndadzitonthoza pokumbukira kuti kutaya koteroko n'kwakale ngati ntchito yeniyeniyo. Pac-Man itasamutsidwira pa Atari 2600 mu 1982, makinawo anali ndi RAM ya mabayiti 128 okha, ndipo mizukwa yake inkathwanima chifukwa sankatha kuijambula yonse nthawi imodzi. Doom ya 1993 inalowa pa Super Nintendo mu 1995 itavulidwa zithunzi za pansi ndi padenga. Nanenso ndichita chimodzimodzi: mithunzi ndiijambuliratu pa chithunzi cha thabwa kuti foni isamaiwerengere yokha.

Kachinthu kena: chithunzi cha njere sichinaoneke. Fayilo ndinaitcha Njere.png, koma mu code ndinalemba njere.png. Windows sasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono, ndiye chaka chonse cholakwikacho chinabisala. Gemu ikapakidwa kuti ituluke, zilembozo zimasiyana. Ndadutsa m'mafayilo onse, ndapeza ena anayi otero.

Sabata 2

Sabata yonseyi yathera pa chala.

Pa kompyuta munthu amagwiritsa ntchito mouse. Ukaimika kamuvi pa dzenje, gemu imakuonetsa nambala ya njere zili mmenemo, ukadina kumanzere njere zimayenda kumanzere, ukadina kumanja zimayenda kumanja. Pa foni palibe kamuvi koimika, palibe batani la kumanzere kapena la kumanja. Pali chala basi, ndipo chikakhudza dzenje chimaliphimba. Njira yonse yoseweretsera gemu yanga inatsamira pa chinthu chimene foni ilibe, ndipo sindinadziwe mpaka nditachisowa.

Ndinayamba ndi foni yoimirira, monga anthu amaigwirira akamawerenga WhatsApp. Masamu anakana. Mafoni ambiri otchipa m'lifupi mwake ndi 360dp (dp ndi muyeso wa sikirini pa Android), ndipo malangizo a Android amati malo okhudza ndi chala asachepere 48dp. Ukagawa 360 pa maenje asanu ndi atatu umapeza 45, usanasiye mpata m'mbali kapena pakati. Ndinayesa ndithu. Chala changa chinkaphonya kamodzi pa kangapo, ndipo zala za amalume, zimene zagwira khasu zaka zambiri, n'zazikulu kuposa zanga. Mu bawo ukanyamula dzenje lolakwika gemu yonse yatembenuka. Choncho foni izigona chopingasa, palibe kuchitira mwina.

Za mbali yoyendera ndayesa njira zitatu. Yoyamba, kukhudza dzenje kenako n'kusankha pa timivi tiwiri totuluka pamwamba. Ikugwira ntchito koma ikuchedwetsa, ngati ukulemba fomu. Yachiwiri, kukhudza theka la dzenje la mbali imene ukufuna, koma maenje ndi aang'ono kale. Yachitatu ndi imene ndaikonda: ukhudze dzenje n'kukokera chala mbali imene ukufuna kuyendera. Nditaiyesa koyamba dzanja linazindikira lokha, chifukwa pa thabwa lenileni umatero kumene, umatapa njere n'kuyendetsa dzanja. Kunena zoona, njira imeneyi ikufanana ndi bawo kuposa ya mouse ija. Foni yandikakamiza kubwerera ku chimene dzanja limachita.

Nambala za njere tsopano zizioneka nthawi zonse pambali pa dzenje lililonse. Ndikudziwa kuti akatswiri ena sakonda zimenezi, popeza kuwerenga ndi maso ndi mbali ya luso, ndiye ndaika pozimitsira.

Sabata 3, Lachiwiri

Mchemwali wanga wayesa gemu pa foni yake yatsopano ndipo wanditumizira kanema. Njere zikuthamanga ngati zathiridwa madzi otentha, munthu sangatsatire. Pa foni yanga yoyeserera njere zomwezo zikukwawa.

Cholakwa n'changa. Ndinalemba kuti njere igwe pakatha mafuremu khumi (furemu ndi chimodzi mwa zithunzi zimene sikirini imaonetsa motsatizana), osati pakatha nthawi yakutiyakuti. Laputopu yanga imajambula mafuremu 60 pa sekondi nthawi zonse, ndiye zinkaoneka bwino. Foni yofooka ikatsikira pa 30 liwiro limachepa ndi theka, ndipo ya mchemwali, ya sikirini ya 120Hz (mafuremu 120 pa sekondi), ikuwirikiza kawiri. Ndamangirira zonse ku nthawi yeniyeni pogwiritsa ntchito delta, nthawi imene yadutsa pakati pa furemu ndi inzake. Msampha umenewu unakolapo ndi akuluakulu omwe: mu Dark Souls II zida zinkatha msanga kwa osewera pa PC pa mafuremu 60 kusiyana ndi osewera pa console (makina a magemu ngati PlayStation) pa 30, chifukwa kutha kwake kunkawerengedwa pa furemu.

Ndatsekeranso gemu pa mafuremu 30. Bawo safuna 60, thabwa limakhala phee nthawi yambiri munthu akuganiza. Foni yasiya kutentha ndipo batire likukhalitsa. Pa kompyuta yolumikizidwa kukhoma sindinaganizepo za batire. Koma kumene gemuyi ikupita anthu ambiri amalipira kuti atchajitse foni pa shopu kapena kwa ometa, ndipo gemu yomaliza batire masana idzafufutidwa tsiku lomwelo.

Sabata 3, Loweruka

Ndinali pakati pa gemu, foni inalira, ndinayankha, pobwerera thabwa linali litayambiranso. Android ikaona kuti RAM yachepa imapha pulogalamu imene ili kumbuyo osafunsa, ndipo pa 2GB zimenezi sizichedwa. Pa kompyuta gemu inkasunga pokhapokha munthu akadina "Tuluka". Tsopano ikusunga pakatha kuyenda kulikonse, komanso ikangomva kuti yaikidwa kumbuyo. Batani lobwerera mmbuyo nalonso linkatseka gemu nthawi yomweyo, ndalikonza kuti liziyamba lafunsa.

Kukula kwa fayilo: APK inali yoposa 100MB. Zithunzi zinali zazikulu zoyenera monitor, mawu anali a WAV, osapanikizidwa. Ndachepetsa zithunzi, ndazipanikiza ndi ETC2 imene mafoni amaimva, nyimbo ndazisandutsa Ogg. Yatsika kwambiri koma sindinakhutire.

Sabata 5, Lamlungu

Masabata anayi aja adutsa. Sabata yatha sindinalembe kanthu, ndinali ndi maliro kwa anzathu oyandikana nawo nyumba.

Dzulo ndinabwerera ku Liwonde. Nthawi ino sitinakhale pakhonde. Amalume ananditengera kumene amasewera, pansi pa mtengo kuseri kwa magolosale, pamene pali thabwa lakale lakuda ndi thukuta la manja ndi mabenchi awiri. Panali abambo asanu ndi mmodzi. Ndinaika gemu pa foni ya amalume n'kukhala pambali ndi kope, nditadziuza kuti sindilankhula.

Choyamba, palibe chinkaoneka. Dzuwa la ku Liwonde masana si nyali ya m'chipinda mwanga. Thabwa langa lofiirira ndi njere zotuwa zinasanduka chinthu chimodzi. Amalume anapendeketsa foni uku ndi uku, kenako anaiphimba ndi chipewa. Ndinalemba: njere ziwale, thabwa lide.

Zokoka chala anazigwira osauzidwa. Mtima wanga unakhala pansi. Koma atayenda kachitatu anaima. "Bwanji sizikulira?" Mawu a njere ndinawaika, koma anali ofewa, oyenera mahedifoni, ndipo sipika ya foni panja inawameza. Bambo wina wachikulire amene anakhala moyang'anana nawo anatapa njere pa thabwa lenileni n'kuzigwetsa imodziimodzi, kho, kho, kho, akundiyang'ana. "Achimwene, bawo timamvera m'khutu. Ine ndikhoza kuyang'ana kumsewu koma ndikudziwa pamene dzanja lake lafika." Ndinawapempha kuti abwerezenso, ndinajambula mawuwo ndi foni yanga pomwepo. Ndi amene alowe mu gemu.

Kenako anayamba kulimbirana, wina akuti yendani apa, wina akuti ayi mudyedwa. Mmodzi anafunsa ngati angasewere awiri. Pa kompyuta zimatheka, anthu amasinthana mouse atakhala mbali imodzi. Koma apa anaika foni pabenchi pakati pawo, wina uku wina uko, monga amakhalira pa thabwa, ndipo kwa mmodzi nambala zonse zinali chadodolido. Sindinaganizepo n'komwe. Monitor siigonekedwa pakati pa anthu awiri, foni imagonekedwa. Nambala za mizere iwiri ya kutsidya ndizitembenuza.

Chomaliza chinandivutitsa maganizo ulendo wonse wobwerera. Amalume anagonjetsa kompyuta katatu motsatizana pa mlingo wovuta, n'kunena kuti, "Uyu si yemwe uja ndinasewera naye pakhonde. Uja ankaona patali. Uyu ndi mwana." Ananena zoona. Kompyuta ndinaipatsa masekondi awiri kuti iganize, kenako iyende ndi chabwino chimene yapeza. M'masekondi awiri laputopu imayesa mayendedwe ochuluka zedi, foni yofooka imayesa ochepa. Dzina la mlingo ndi limodzi, koma nzeru zikusiyana malinga ndi mtengo wa foni. Zimenezi sindingazilole. Munthu wa foni yotchipa asapatsidwe mdani wopusa chifukwa cha thumba lake. Ndisintha kuti mlingo uliwonse uziyesa chiwerengero chofanana cha mayendedwe pa makina alionse, ngakhale foni yofooka izichedwerapo pang'ono. Osewera bawo kudikira mnzawo akuganiza anakuzolowera.

Nditafika kunyumba ndinaona kuti pa zinthu zimene ndalemba, zambiri zikonzanso gemu ya pa kompyuta: mawu, mitundu, chilungamo cha milingo, kusunga. Chaka chathunthu anzanga a kuntchito sanandiuzepo chimodzi mwa zimenezi. Sikuti ankabisa, koma amasewera mongotayitsa nthawi, m'chipinda chozizira, pa makina ofanana ndi anga.

Sabata 6

Ndayamba za browser, ndipo pano ndagunda khoma lenileni. Mbali yoganiza ya gemu ndinailemba m'chilankhulo cha code chotchedwa C# chifukwa chimathamanga, zina zonse mu GDScript, chilankhulo cha Godot yeniyeniyo. Pa Android C# ikutheka kuyambira Godot 4.2, ngakhale amati ikadali yoyeserera. Koma Godot imene ndikugwiritsa ntchito situlutsa pulojekiti ya C# kupita pa browser. Ndikanawerenga zimenezi chaka chatha ndisanasankhe. Njira zinali ziwiri: kusiya browser, kapena kulembanso ubongo wonse mu GDScript.

Ndinaganiza masiku awiri. Browser ndikuifuna chifukwa cha abale amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Leeds, ena a iwo ali ndi iPhone, ndipo link imatseguka paliponse popanda kuika kanthu. Ndiye ndalembanso. Zatenga mausiku asanu. GDScript ikuchedwa poyerekeza ndi C#, choncho ndachita kufinya: thabwa tsopano ndi mndandanda umodzi wa manambala, ndipo kompyuta imayamba kuyesa mayendedwe odya isanayese enawo, kuti idule msanga nthambi zopanda phindu.

Phindu limene sindinaliyembekezere: C# itachoka, katundu wa .NET woyendetsera C# amene ankakwera nawo mu APK wachokanso. Fayilo tsopano ili pansi pa 40MB.

Ndatulutsa ya browser ya ulusi umodzi (yochita ntchito imodzi pa nthawi, osati zingapo pamodzi), njira imene inabwera ndi Godot 4.3 mu 2024, chifukwa siivuta kuika pa intaneti. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri tsamba linauma gwaa. Ndinafufuza mpaka usiku. Mu bawo, njere yomaliza ikagwera m'dzenje lokhala ndi zina umatapa n'kupitiriza, ndipo pali kakhalidwe kena ka thabwa kamene kuyendako sikutha, kumangozungulira. Ofufuza masewerowa anasonyeza kale kuti zoterezi zilipo. Pa kompyuta ndi pa foni kuganiza kunkachitikira pa ulusi wapadera, masekondi awiri akatha gemu inkangotenga yankho limene lilipo n'kupitiriza, ndiye dzenje limeneli linakwiririka. Pa ulusi umodzi palibe pobisala. Tsopano kuyenda kukabwerera pa kakhalidwe kamene kanaonekapo kale, kompyuta imakutaya. Kuganizako ndakugawanso m'zidutswa kuti tsamba lizipuma pakati.

Tizinthu tiwiri tating'ono. Browser salola mawu kulira munthu asanakhudze tsamba, ndiye ndaika batani la "Yambani" poyambirira. Ndipo pa tsamba loyamba, pamene ndinalemba kuti Malaŵi ndi ŵ monga amalembera amalume, panatuluka kabokosi. Font yanga ilibe chilembocho. Windows ndi Android ankabwereka mwakachetechete ku mafont awo, browser alibe kobwereka. Ndasintha font. Anzanga ena akuti ndingolemba w wamba monga ambiri amachitira masiku ano, koma ndikufuna kuti munthu wolemba dzina lake ndi ŵ mu gemuyi alione lili bwinobwino.

Sabata 7, Lachitatu

Lero sindinakhudze code, ndakhala ndi pensulo kuwerengera ndalama ndi nthawi.

Google Play amalipiritsa madola 25 kamodzi kokha. Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo kuti umange pulogalamu ya iPhone pamafunika Mac yokhala ndi Xcode. Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta, ndi madola 100 pa gemu iliyonse. Kwa munthu wolandira makwacha, makamaka chichokereni kugwa kwa ndalama yathu ndi 44 peresenti mu November 2023, manambala amenewa si ocheperapo, ndipo gemu yanga ndi yaulere. Makampani akuluakulu amasamutsa magemu chifukwa msika watsopano umabweza ndalama, n'chifukwa chake Sony inatengera Horizon Zero Dawn pa PC mu 2020 ndi God of War mu 2022. Ine chimene chibwerere ndi osewera, osati ndalama, ndiye khomo lililonse ndiyenera kulifunsa kuti kuseri kwake kuli anthu angati a bawo.

iPhone ndaisiya, a iPhone adzasewera pa browser. Za console mnzanga wina anandifunsa, poti amaona ana akulipira kuti asewere mpira pa PlayStation m'mavidiyo a m'tauni. Godot yaulereyi siibwera ndi zotulutsira ku console chifukwa zida za Sony, Nintendo ndi Microsoft n'zotsekedwa ndi mapangano achinsinsi, ndipo amene akufuna amadutsa ku makampani ngati W4 Games. Si msinkhu wanga, ndiponso sindikuona munthu akulipira kuti asewere bawo pa TV thabwa lili panja. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chimene chandiopsa kwambiri powerengera si ndalama zolowera, koma kusamalira. Poyamba ndinali ndi gemu imodzi. Tsopano ndili ndi zitatu, ndipo ndikasintha kanthu kamodzi ndiyenera kuyesa katatu. Google Play chaka ndi chaka amakweza mlingo wa Android umene pulogalamu iyenera kulunjika, choncho ngakhale gemu itakhala yopanda vuto, ndidzayenera kumaimanganso. Makina alionse atsopano ndi pakamwa pena pofuna kudyetsa. Minecraft inalembedwa mu Java, ya pa foni ya 2011 anachita kuilembanso mu C++, ndipo mpaka lero pali mitundu iwiri yoyenda payokhapayokha. Eric Barone anapanga Stardew Valley yekha, koma ya pa foni, imene inatuluka pa iOS mu 2018 ndi pa Android mu 2019, inapangidwa ndi kampani ina, The Secret Police. Munthu amene anatha kupanga gemu yonse yekha anaona kuti kusamutsa ndi ntchito ina payokha. Tsopano ndikumvetsa.

Ndiponso port yoipa imaipitsa ndi dzina la gemu yabwino. Batman: Arkham Knight inayenda bwino pa console mu June 2015, koma ya PC inali yosweka moti Warner Bros anaichotsa pamsika mpaka October. Cyberpunk 2077 inachotsedwa pa PlayStation Store mu December 2020 chifukwa cha mmene inkayendera pa PS4, n'kubwerera mu June 2021. Kumbali ina, Saber Interactive analowetsa The Witcher 3 pa Nintendo Switch mu 2019, zithunzi zitachepa ndithu, koma anthu anailandira chifukwa gemu yeniyeniyo inafika yamphumphu. Kwa ine phunziro lake n'lachindunji. Munthu amene adzaone gemu yanga koyamba pa foni sadzadziwa kuti pa laputopu imakongola. Ikadzauma m'manja mwake, adzati bawo ya pa foni ndi yachabechabe, ndipo adzauza anzake pabenchi.

Sabata 8

Amalume aimba foni Lolemba. "Gemu yako ija yafika ku Ntaja." Ndinadabwa, poti sindinaitulutse. Mnyamata wina anaikoka pa foni yawo ndi Xender, pulogalamu yopatsirana mafayilo, n'kupatsa mnzake, mnzakeyo n'kupatsa wina wa minibasi. Ndinasangalala kwambiri. Ya pa kompyuta yakhala pa itch.io, tsamba loikapo magemu, miyezi yambiri ndipo amene anaitsitsa ndikhoza kuwatchula mayina. Ya pa foni yayenda yokha, popanda data, m'masabata atatu.

Koma walira mvula walira matope. Imene ikuyendayo ndi ya Sabata 5, ya mdani wofooka, ya njere zosaoneka padzuwa, ya kuzungulira kosatha kuja. Sindingaiitanitse kuti ibwerere. APK yopatsirana pamanja siidzikonza yokha ngati ya pa Play Store, idzakhala ikuyenda choncho mwina zaka. Zimene ndachita: nambala ya version tsopano ikuoneka pa tsamba loyamba ndi zilembo zazikulu, ndipo gemu ikapeza intaneti izingonena mwaulemu kuti yatsopano ilipo, osakakamiza. Sindiletsa kupatsirana. Ndi njira imene anthu athu amagawanira nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu, ndipo gemu yokana njira imeneyo ndiye kuti yakana anthuwo.

Zandikumbutsanso za keystore, fayilo yosainira APK. Android salola kuti yatsopano ikhale pamwamba pa yakale ngati siginecha yasiyana. Ya ku Liwonde ija ndinaisaina ndi kiyi yoyeserera, choncho onse amene ali nayo adzayenera kuifufuta kaye asanaike yeniyeni. Ndapanga kiyi yokhazikika, ndaisunga malo atatu, kumodzi ndi pa flash imene ili kwa mchemwali.

Kufalikiraku kwabweretsanso nkhani ya malamulo. Bambo wina watumiza uthenga kudzera kwa amalume kuti gemu ikulakwitsa pa nyumba (dzenje lapadera lija la m'bawo), kwawo satero. Amalume akuti gemu ikulondola. Onse awiri akunena zoona, chifukwa bawo amasiyana pang'ono dera ndi dera, ndipo ine ndinalemba mmene ndinaphunzirira pakhonde limodzi. Ndiika posankha malamulo, koma ndiyenera kukakhala pansi ndi bamboyo thabwa lili pakati kuti ndimve bwinobwino, za pa foni sizikumveka.

Sabata 9, Lachisanu

Akaunti ya Google Play yatheka, mnzanga wa kuntchito anandilipirira ndi khadi lake ine n'kumubwezera makwacha. Sitolo imafuna fayilo ya AAB osati APK, lamulo limene linayamba mu August 2021 pa mapulogalamu atsopano, ndiye ndakonza Gradle, chida chomangira fayiloyo, ndipo yamangika. Akaunti yatsopano ya munthu payekha iyenera kuyamba yayesetsa pulogalamu kwa anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana isanaloledwe kutulutsa poyera. Ndapeza 14: anzanga a kuntchito, mchemwali, asuweni awiri a ku Johannesburg, ndi anyamata atatu a ku Liwonde amene ali ndi Gmail. Lero ndi tsiku lachinayi.

Zimene zabwera kale: pa foni ina yokhala ndi kamera yolowa m'kati mwa sikirini, dzenje lakumapeto likubisika pang'ono, ndiyenera kulemekeza malire a safe area, malo a sikirini osaphimbika. Msuweni wina akuti pa browser ya iPhone mawu akuchedwa kutsatira njere. Mnyamata wa ku Liwonde akuti mlingo wovuta ukuganiza nthawi yaitali pa foni yake, koma wawonjeza kuti wamudya kawiri, ndiye sindichepetsa nzeru zake, ndingoika kachizindikiro kosonyeza kuti ikuganiza.

Ya pa kompyuta ndaibwezera zonse zimene foni yandiphunzitsa, kupatula kuwala kwa m'maenje kumene ndakusiya momwe kunalili. Kukoka ndi mouse kukugwiranso ntchito, ndipo anzanga awiri asiya kale kudina kumanzere ndi kumanja.

Zotsala: safe area, posankha malamulo a nyumba, kumasulira tsamba la malangizo m'Chiyao ngati ndipeze wondithandiza, ndi zithunzi za pa sitolo. Mawa m'mawa ndikwera basi ya ku Liwonde, kenako Ntaja. Amalume akuti bambo uja adzatidikira pamsika ikamakwana 10 koloko, ndipo abweretsa thabwa lawo.